Kaseweretsedwe ka ana pasukulu m'nyengo yotentha ku Salima

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi 60 patsiku. Mphindizi mutha kuzigawa, sizichita kufunika nthawi imodzi.

Kuno mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, choncho fulaye ndi mpira zizichitika 9 koloko m'mawa isanakwane, mchenga usanayambe kuwotcha mapazi. Yambani mwatola minga ndi magalasi osweka pabwalo, poti ambiri amasewera opanda nsapato.

Gawani kalasi m'magulu a ana 10 kapena 12, gulu lililonse ndi mpira wake wachikulunga kapena chingwe cha jingo. Mukapereka mpira umodzi kwa kalasi yonse, anyamata akuluakulu amaulanda, atsikana ndi ang'onoang'ono n'kumangoonerera patsinde pa mango. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amaphonya.

Mphindi 5 zoyamba azidumphadumpha pang'onopang'ono, 15 asewere mwamphamvu, kenako apume ndi kumwa madzi. Ndowa yovindikira ikhale pamthunzi.

Mwana akadandaula chizungulire kapena mutu, m'khazikeni pamthunzi, mum'mwetse madzi pang'onopang'ono ndi kumunyowetsa m'khosi ndi m'khwapa. Akayamba kubwebweta kapena akakomoka, musamumwetsenso kanthu, thamangirani naye kuchipatala.