Musanakoke galimoto yofa pa Khwekhwelere

Abale anga madalaivala, dzulo pa Masasa ndinaona pikapu ikukoka kagalimoto ndi chingwe chomangira katundu, chachifupi ngati cha mbuzi, akulowera ku Golomoti. Mtima unandigunda.

Kunja kuli ndege zopanda injini zomwe amazikweza m'mwamba pozikoka ndi ndege ina, pa chingwe cha mamita pafupifupi 60. Chingwecho amachiikira dala kachitsulo koduka msanga mphamvu ikapyola muyeso. Wokokedwayo amakhalanso ndi chogwirira chomasulira chingwe pompopompo, chifukwa akakwera kwambiri amanyamula mchira wa ndege yam'tsogolo, n'kuigwetsa chamutu.

Pamsewu ngozi imachokeranso kwa wam'mbuyo. Injini ikazima, mabuleki amalimba ngati mwala, chiwongolero chimalemera. Pa mtsetse wa Khwekhwelere, ndi makona ake aja, adzakugundani basi. Pamenepo chingwe ayi, chonde, pezani chitsulo chokokera. Kiyi akhale wotsegula kuti chiwongolero chisatsekeke.

Pamalo athyathyathya chingwe chizikhala chokungika, chifukwa chikalendewera kenako n'kukoka mwadzidzidzi, chimaduka. Mangani kansalu kofiira pakati kuti akabaza achione, ndipo gwirizanani za hutala musananyamuke.