Momwe mungapezere ma podcast abwino ngati mwatopa ndi ndale za progressive

Munthu amatsegula podcast, pulogalamu yomvera pa intaneti, kuti amve mbiri ya Aroma kapena za kayendedwe ka ndalama, koma pasanathe mphindi khumi woulutsa wapatukira ku zisankho za ku America, ndipo akuyankhula ngati aliyense womvera akugwirizana naye kale. Ngati zimenezi zakutopetsani, dziwani kuti mapulogalamu abwino alipo ambiri. Kungoti kuwapeza kumafuna kakhama pang'ono.

Tisasokoneze: progressive amene tikunena pano si chipani cha DPP. Ku America ndi ku Britain, awa ndi maganizo a mbali ya kumanzere pa nkhani monga kuchotsa mimba, maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, kusintha kuchoka pa mwamuna kukhala mkazi, tsankho la mtundu, anthu olowa m'dziko, ndi kukula kwa udindo wa boma pa chuma. Ma podcast ambiri a Chingerezi amapangidwira m'mayiko awiriwa, n'chifukwa chake mikangano yawo imatifikira mpaka m'makutu mwathu.

Gawo loyamba: dziwani chimene mukuthawa

Dzifunseni moona mtima: kodi simukufuna ndale n'komwe, kapena mukufuna ndale zomwezo koma za mbali inayo? Awa ndi maulendo awiri osiyana. Amene watopa ndi ulaliki wa ndale akathawira kwa munthu wokuwa za kumanja, mbali yotsutsana ndi progressive, m'mawa ulionse, pakatha mwezi amapezeka watopanso chimodzimodzi, mkwiyo wokha utasintha kolozera. Ine ndimalimbikitsa njira yoyambayo, ndipo zambiri zili m'munsimu ndi za njira imeneyo.

Gawo lachiwiri: fufuzani mwini wake

Pa tsamba la podcast iliyonse pamalembedwa dzina la kampani kapena bungwe loipanga. Lembani dzinalo pa Google musanadine batani la follow. Pod Save America, mwachitsanzo, inayamba mu 2017 ndipo oiyendetsa ndi anthu amene ankagwira ntchito mu ofesi ya Barack Obama. Kampani yawo ndi Crooked Media, ndipo sabisa kuti ali mbali ya chipani cha Democratic. The Daily Wire, imene Ben Shapiro ndi anzake anayambitsa mu 2015, nayo sibisa kuti ili kumanja. Masamba a AllSides ndi Ad Fontes Media amayika mabungwe ofalitsa nkhani pa mzere wochokera kumanzere kukafika kumanja. Amathandiza, ngakhale muyeso wawo ndi wa Chimereka ndipo mapulogalamu ang'onoang'ono simuwapezamo.

Komabe musaweruze pulogalamu ndi maganizo a mwini wake okha. Woulutsa za mpira Gary Lineker anayimitsidwa kaye ndi BBC mu Marichi 2023 chifukwa cha zimene analemba pa Twitter podzudzula ndondomeko ya boma la Britain pa othawa kwawo. Koma mu The Rest Is Football, imene amachita ndi Alan Shearer ndi Micah Richards, nkhani imakhala mpira, Premier League yomwe ija timakanganirana Lolemba m'mawa. Funso ndi lakuti maganizo a munthuyo amalowa mu pulogalamu kapena ayi.

Gawo lachitatu: yesani ndi masiku a mkangano

Iyi ndiyo njira imene ndimaidalira kwambiri, ndipo siidya data yochuluka. Tsegulani mndandanda wa magawo akale a podcast imene mukuiganizira, mutsike mpaka pa nthawi zitatu izi: Juni 2020, George Floyd, munthu wachikuda, atangophedwa ndi wapolisi ku Minneapolis; Juni 2022, pamene khoti lalikulu la ku America linathetsa chigamulo cha Roe v. Wade chokhudza kuchotsa mimba; ndi Novembala 2024, Donald Trump atapambananso. Werengani mitu ndi mawu ofotokoza magawo a miyezi imeneyo. Ngati pulogalamu ya zophikaphika kapena ya sayansi inasiya ntchito yake n'kutulutsa magawo a ndale nthawi zitatu zonsezi, idzateronso mkangano wina ukabuka. Ngati inapitiriza nkhani yake, mwapeza chimene mumafuna.

Kenako mverani gawo limodzi la m'miyezi imeneyo ndi lina laposachedwa. Tcherani khutu pa momwe woulutsa amatchulira anthu osagwirizana naye. Amafotokoza mfundo zawo mwakuti eni akewo atamva angavomere kuti n'zoonadi, kapena amangowaseka? Ngati muli ndi iPhone, kuyambira mu 2024 Apple Podcasts imaonetsa mawu olembedwa a magawo ambiri a Chingerezi, moti mutha kusaka mawu ngati Trump kapena abortion osamvera ola lonse.

Gawo lachinayi: yambirani pa mbiri yakale

Kuno n'kumene kuli chuma. In Our Time ya BBC Radio 4 inayamba mu 1998 ndi Melvyn Bragg, ndipo ili ndi magawo oposa 1,000. Kachitidwe kake n'kosavuta: akatswiri atatu a ku yunivesite amakhala pansi pafupifupi mphindi 45 kukambirana mutu umodzi, basi. Sakani gawo la msonkhano wa ku Berlin wa 1884, umene unakonza malamulo ogawanirana Africa, la ufumu wa Mali, kapena la kukwera ndi kugwa kwa ufumu wa Azulu. Ambiri amaona BBC ngati yopendekera kumanzere, koma pulogalamu iyi nthawi yake yonse imathera pa mutu wa tsikulo.

The Rest Is History ya Tom Holland ndi Dominic Sandbrook inayamba mu 2020. Awiriwa amacheza, amaseka, amatsutsana, ndipo sakonda kuweruza anthu akale ndi muyeso wa lero. Izi sizitanthauza kuti amapaka laimu zoipa za atsamunda. Magawo awo a Congo pansi pa Mfumu Leopold II amanena nkhanza zonse mosabisa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife Aafrika: kuthawa ulaliki wa progressive kusakufikitseni kwa anthu amene amati utsamunda unali mphatso. Pulogalamu yabwino ya mbiri imakupatsani zimene zinachitika, chiweruzo n'kusiyira inu.

Fall of Civilizations ya Paul Cooper imatenga ufumu umodzi pa gawo lililonse n'kufotokoza momwe unagwera, modekha, kwa maola awiri, atatu kapena kuposa. Gawo la ufumu wa Songhai ndi poyambira pabwino. Hardcore History ya Dan Carlin, imene ilipo kuyambira 2006, ndi ya anthu opirira, chifukwa gawo limodzi limatha kufika maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Magawo aposachedwa ndi aulere, akale amagulitsa. Carlin ali ndi podcast ina ya ndale yotchedwa Common Sense, choncho onetsetsani dzina podina. The History of Rome ya Mike Duncan inatha mu 2012, ndipo pulogalamu yotha kale ili ndi ubwino wake: singakusinthireni mawa.

Gawo lachisanu: chuma, bizinesi ndi chikhulupiriro

EconTalk ya Russ Roberts imatuluka sabata iliyonse kuyambira 2006. Roberts amakhulupirira msika womasuka ndipo amanena yekha, koma amayitana otsutsana naye n'kuwalola kumaliza mfundo zawo. Mu 2014 anacheza ndi mtolankhani Nina Munk, amene anadzudzula ntchito ya Millennium Villages yolimbana ndi umphawi m'midzi ya mu Africa, kenako anayitana mwini ntchitoyo, Jeffrey Sachs, kuti ayankhe. Umodzi wa midzi ya ntchito imeneyo unali Mwandama ku Zomba, choncho magawo awiriwa akukamba za kwathu ndithu. Dziwaninso kuti Roberts anasamukira ku Jerusalem mu 2021, ndipo kuyambira Okutobala 2023 wakhala ndi magawo angapo a Israel ndi Gaza. Mutha kuwadumpha ngati simukuwafuna.

Acquired ya Ben Gilbert ndi David Rosenthal imafotokoza mbiri ya kampani imodzi, monga Nvidia kapena Costco, kwa maola atatu kapena anayi: inayamba bwanji, phindu imalipeza pati, inatsala pang'ono kugwa liti.

Pa za chikhulupiriro, The Bible in a Year ya Bambo Mike Schmitz inatuluka mu 2021 ndi magawo 365, lililonse pafupifupi mphindi 20 mpaka 25, ndipo imatsata Baibulo la Akatolika. BibleProject ya Tim Mackie ndi Jon Collins imazama pa kamangidwe ka mabuku a m'Baibulo ndi ziyankhulo zake zoyambirira, osalowa m'zipani. Asilamu apeza maulaliki a Mufti Ismail Menk wa ku Zimbabwe pa ma app ambiri.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ngati mukufunabe ndale

Sankhani anthu okambirana, osati okuwa. The Glenn Show ya Glenn Loury, katswiri wa zachuma wachikuda, kawirikawiri pamodzi ndi John McWhorter, imatsutsa maganizo a progressive pa nkhani za mtundu ndi mfundo zolemera. The Remnant ya Jonah Goldberg ndi ya kumanja koma imadzudzulanso Trump. Triggernometry ya Konstantin Kisin ndi Francis Foster imakamba kwambiri za ku Britain, ndipo abale amene ali kumeneko angaimve msanga.

Za Joe Rogan, woulutsa podcast wa ku America, mudzamva kwa aliyense. Anacheza ndi Bernie Sanders mu 2019 ndi Trump mu 2024, choncho alendo ake ndi amitundumitundu. Koma amatukwana, ndipo si yotsegula m'galimoto muli ana. Komanso mu Januwale 2022 madokotala ndi asayansi 270 analembera Spotify kudandaula za nkhani zosocheretsa za Covid-19 pa pulogalamu yake. Zimene mungamve kumeneko zokhudza mankhwala, kafunseni kuchipatala musanazitsatire.

Gawo lomaliza: app ndi bandulo

Mukamamvera pa YouTube, makina ake ndi amene amakusankhirani chotsatira, ndipo mukangodina kanema mmodzi wa ndale amakubweretserani ena ambirimbiri. App ya podcast yeniyeni imakupatsani zokhazo mwalembetsa. Google Podcasts inatsekedwa mu 2024, koma pa Android pali AntennaPod, yaulere komanso yopanda zotsatsa malonda zake. Palinso Pocket Casts, ndipo Spotify yakhala ikugwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia kuyambira 2021.

Ola limodzi la mawu okha limadya pakati pa 30MB ndi 60MB, malinga ndi momwe analijambulira, pamene kanema amadya kangapo kuposa apo. Ndiye kuti gawo limodzi lalitali la Hardcore History litha kufika 300MB. Lowani mu settings, muzimitse kudawuniloda kodzichitikira, kapena muike kuti kuzichitika pa Wi-Fi pokha. Dawunilodani magawo a sabata yonse nthawi imodzi pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku, ndipo muike kuti gawo likatha lizifufutika lokha kuti foni isadzaze. Ngati Chingerezi cha oulutsa chikuthamanga, chepetsani liwiro lifike pa 0.8 kapena 0.9. In Our Time imamveka bwino kwambiri pa liwiro limeneli, makamaka akatswiri atatu aja akayamba kulandana mawu.