Mmene ndinathetsera ululu wa mtsempha wa kuchidendene

Ife othamanga amene zaka zapitako, mapapo amakhala adakali ndi mphamvu koma mitsempha imachedwa kuchira. Wanga wa kuchidendene, uja amati Achilles, unkauma m'mawa uliwonse moti ndikadzuka ndinkayamba n'kutsimphina.

Kupuma kokha sikunathandize, ululu unkabwerera ndikangoyambanso kuthamanga. Chinandithandiza n'kuupatsa ntchito mtsemphawo pang'onopang'ono. Ndimaima m'mphepete mwa sitepe, zala zokha zitaponda, n'kunyanyamphira ndi miyendo yonse iwiri, kenako n'kutsitsa chidendene cha mwendo wopwetekawo mosafulumira mpaka chipitirire sitepeyo. Njirayi anaifalitsa dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, mu 1998: kutsitsa ka 15 katatu bondo lili lowongoka, katatunso lili lopinda, kawiri pa tsiku kwa milungu 12. Imatopetsa, osanama, koma ndi yothandiza. Kuwawa pang'ono n'kololedwa, kobaya ayi.

Zitunda ndinayamba ndazisiya, ndipo liwiro ndinachepetsa kufikira poti ndingathe kucheza ndi mnzanga tikuthamanga. Masiku ena ndimangoyenda m'nkhalango kapena kupalasa njinga. Wotchi yoyezera liwiro ndinaisunga, chifukwa inkandikakamiza kupikisana ndi thupi la unyamata wanga.