Momwe mungachitire kuti agogo azimwa mankhwala pa nthawi yake komanso azisamalidwa bwino

Kuno ku Zomba nyumba zosungira okalamba n'zosowa, ambirife agogo tili nawo pakhomo ndipo tikapita ku ntchito amatsala ndi mayi wantchito kapena mdzukulu. Kaya ali kuti, zoti muziyang'anira n'zomwezi.

Yambani ndi buku lakuchipatala lija. Mukapita ku Zomba Central kapena ku Matawale musangolandira mapilisi n'kumapita ayi, funsani kuti awa ndi a chani, amwe kangati, asanadye kapena atadya. Metformin wa shuga amafuna chakudya, HCT wa BP uja ndi wam'mawa chifukwa amakodzetsa, mukawapatsa madzulo agogo sagona. Akalemba katatu pa tsiku ndiye kuti pazidutsa maola pafupifupi 8, osati onse atatu dzuwa lisanalowe.

Kenako gulani kope, ili ndiye lofunika kuposa zonse. Lembani dzina la mankhwala ndi nthawi yake, amene wawapatsa achonge pompo ataona kuti amezadi, paja agogo ena amabisa pilisi kutsaya kapena pansi pa pilo. Popanda kope mudzamva zoti "ndimayesa awapatsa kale achemwali", mapeto ake sanamwe kapena amwa kawiri. Tcherani alamu pa foni ya amene amatsala nawo, osati yanu muli ku Chinamwali. Akaphonya musawirikize mapilisi, ndipo kukatenga ena muzipita kusanatsale awiri m'botolo.

Za kusamba, madzi akhale ofunda makamaka Juni ndi Julaye, kuzizira kotsika ku phiri kuja mukukudziwa. Tsekani chitseko, afunditseni chitenje, muziwauza zomwe mukuchita, ndi munthu wamkulu ameneyo. Pukutani bwino m'khwapa, m'mphechepeche ndi pakati pa zala zakuphazi, odwala shuga mapazi muziwaona tsiku lililonse ngati pali bala. Mkamwa musaiwale.

Ngati agogo sadzuka, atembenuzeni maola 2 aliwonse ndipo thewera likanyowa sinthani nthawi yomweyo, zoti tidikire lidzaze poti ma pampasi adula n'zimene zimabweretsa zilonda. Pamatako, m'chiuno ndi pazidendene pakafiira kapena kuda kusiyana ndi khungu lonse, auzeni anesi msanga.

Ngati ali ku malo osungira okalamba, muzifika osanena tsiku, pemphani kuona pomwe amalemba mankhwala, fungo la m'chipinda ndi zikhadabo za agogo zikuuzani zambiri. Funsaninso ngati nesi wawo analembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi.