Musanatengere munthu osadya nyama ku lesitilanti yodula ku London, werengani kaye izi

Abale anga amene muli kuno ku UK, makamaka inu a Seventh Day ndi ena nonse amene kwanu kuli munthu osadya nyama, ndilembe izi mtima udakali kuwawa chifukwa ndikadikira kuti uphwe ndiyamba kuwakhululukira anthu aja, pomwe sakuyenera.

Amayi anabwera pa visa ya alendo kudzaonerera graduation ya mlongo wanga. Iwowa nyama ndi nsomba anasiya kalekale, za tchalitchi ndi za BP zomwe, mazira ndi mkaka amadya koma chilichonse choyenda kapena chosambira ayi. Ndiye ine ndi kamtima kofuna kuonetsa kuti mwana wawo ku Ulaya sakungosambitsa nkhalamba ayi, ndinati tiwatengere malo apamwamba, aja amalemba kuti French-Asian fusion, kutanthauza kaphikidwe ka ku France kosakaniza ndi ka ku Japan, Vietnam, Thailand uko. Mbale yaikulu ngati lichero, chakudya pakati pake kangachepe ngati ukudyetsa mwana wa mphaka.

Kubukitsa tebulo sikovuta, mumalowa pa intaneti, kusankha tsiku ndi nthawi, kuika khadi, basi. Zimenezo sindikuphunzitsani.

Pomwe ndinagwera ndi apa. Nditabukitsa ndinaimba foni pa nambala yawo kuti ndinene za amayi, anayankha mtsikana wa mawu okoma bwino, ndikumufotokozera kuti mmodzi wa ife sadya nyama, sadya nsomba, ngakhale msuzi wake, iye amvekere palibe vuto bwana, shefu wathu amakonza zimenezo tsiku lililonse. Ndinabwerezanso kachiwiri, amvekere ndalemba kale. Sindinafunse dzina lake, sindinapemphe imelo, ndinangoti zikomo kwambiri ngati munthu wopatsidwa mphatso. Dipoziti anali atadula kale £40 munthu mmodzi, anthu anayi. Chomwe sindinkadziwa nchakuti foni ija siyilira mu lesitilantimo ayi, imalira ku ofesi ina ya kampani yawo yomwe imayankhira malesitilanti angapo, ndipo mtsikana uja mwina ngakhale khomo la khitchini sanalionepo.

Tafika tsikulo, amayi atatchena chilundu chawo cha pa Sabata, weta akuyang'ana pa tabuleti yake, palibe chilichonse cholembedwa za ife kupatula dzina ndi nambala ya anthu. Komanso usiku umenewo kunali tasting menu yokha, ija amakubweretserani timbale tambirimbiri motsatizana ndipo tebulo lonse liyenera kudya zomwezo. Anapita kukhitchini, nkubwera kuti shefu ayesetsa. Mawu amenewo muziwaopa, kuyesetsa kwa shefu pa 8 koloko usiku khitchini itadzadza ndi kungochotsa nyama pamwamba nkusiya zonse za pansi momwemo.

Mbale yoyamba ndi yachiwiri zinadutsa, timasamba ndi kabuledi. Yachitatu inali bowa ndi tofu mu kamsuzi koyera mbee ngati madzi. Amayi ananyamula supuni, kufikitsa pamphuno, nkuibweza pansi pang'onopang'ono, amvekere, iwe, muli usipa umu. Ine manyazi, ndikuti amayi kuno ndi ku London usipa uchokera kuti. Weta nayenso akuti ndi msuzi wa masamba. Koma munthu wobadwira ku Nkhotakota, amene anakula akuyanika nsomba pa thandala, ungamunamize fungo la nsomba youma? Ndinamukakamiza weta uja kuti akafunse, pobwera nkhope itagwa, akuti pepani muli dashi.

Dashi ameneyu mumudziwe, ndi amene amagwetsa anthu ambiri. Ndi msuzi wa ku Japan, amawiritsa kombu, ndiye ndere za m'nyanja, pamodzi ndi katsuobushi, nsomba yowamba youma gwa ngati chikuni yomwe amaipala timapepala topyapyala. Akasefa simuona kanthu. Amalowa mu supu ya miso, mu kamsuzi koviikamo zokazinga zawo zotchedwa tempura, paliponse. Alipo dashi wa kombu yekha kapena wa bowa wa shiitake, ameneyo ndiye wabwino, koma muchite kumutchula, osangoganiza.

Ndipo si dashi yekha. Mbali ya ku Asia kuli fish sosi, madzi a tinsomba tating'ono tosasitsidwa ndi mchere, a ku Vietnam ndi ku Thailand amathira ngati mmene ife timathirira mchere mu ndiwo, samawerengera nkomwe kuti ndi nsomba. Kuli oyster sosi pa masamba okazinga, kuli phala la shrimp mu curry wa chi Thai, kimchi, kabichi wosasa wa ku Korea, wambiri ali ndi nsomba kapena shrimp, XO sosi ya ku Hong Kong ija muli za m'nyanja zouma ndipo nthawi zambiri ndi nkhumba yomwe. Mbali ya ku France ndi ku Italy nayo siyogona, msuzi wawo wambiri amayambira pa mafupa a ng'ombe kapena a nkhuku owiritsa tsiku lonse, supu ya anyezi imaoneka yosalakwa koma pansi pake ndi ng'ombe, mbatatesi amakonda kukazingira mafuta a bakha, risotto ya bowa kawirikawiri ndi msuzi wa nkhuku, ndipo zotsekemera zonjenjemera zija ngati panna cotta muli gelatine wochokera ku zikopa ndi mafupa, kambiri a nkhumba. Tchizi cha Parmesan nacho amapangira rennet wa m'mimba mwa mwana wa ng'ombe, kaya inu mumafika mpaka pamenepo, zili kwa inu. Asilamu anzathu ndi inu osamwa, onjezerani mowa pa mndandanda, vinyo ali mu sosi zambiri za chi French, mirin ndi sake zili mbali ya Japan.

Tsono chida chomwe ndinadziwa mochedwa nchakuti lamulo la kuno limakakamiza malo odyera kukuuzani ngati mu chakudya muli chimodzi mwa zinthu 14 zomwe zimawenga anthu, ndipo nsomba, za mtundu wa nkhanu ndi shrimp, ndi za mtundu wa nkhono zili momwemo. Ambiri ali ndi tchati chake. Chipempheni, musachite manyazi, muyende ndi chala mzere wa nsomba mbale iliyonse. Pamenepo weta sangayankhe za m'mutu chifukwa akudziwa kuti ndi mlandu. Koma chenjerani, nyama siili pa 14 paja, ndiye za msuzi wa mafupa, mafuta a bakha ndi gelatine mufunse padera, chimodzichimodzi, ngati mukufunsa mwana amene waba shuga. Ndipo osanama kuti zimakuwengani pomwe ndi za chikhulupiriro, nenani zoona, mukanama amatha kukukanizani theka la menyu nkukhala ndi njala.

Langizo langa, tasting menu isiyeni pokhapokha ngati pa menyu yawo yeniyeni pali ina yolembedwa kale kuti ndi ya osadya nyama. Pitani masana kapena tsiku lomwe aliyense amaitanitsa mbale yake. Mukaona mbale ili ndi chizindikiro cha vegan, kutanthauza kuti mulibe chilichonse chochokera ku nyama, tengani imeneyo, ndi yomwe khitchini inaiganizira kuyambira pansi, osati yochita kuvula nyama. Ndipo chilichonse mwagwirizana chikhale pa imelo masiku angapo tsikulo lisanafike, muwauze akuyankheni kuti khitchini yaona, mukafika musanakhale nkomwe pa mpando muonetse imeloyo. Za pafoni ndi mphepo, amangwetu, ndanena kangati.

Weta akafunsa madzi anji, nenani a pampopi, malo ogulitsa mowa kuno ku England amayenera kupereka ulere. Mukangogwedeza mutu abweretsa a m'botolo.

Bilu itabwera, amayi anali atadya mpunga woyera, nyemba za edamame ndi buledi, koma anawalipiritsa mtengo wonse wa tasting menu, kuphatikizapo 12.5% ya service charge pamwamba. Imeneyo nthawi zambiri ndi yosakakamiza, mutha kunena kuti ichotsedwe, ine ndinkadziwa bwinobwino, koma manyazi athu achimalawi aja, mlongo wanga akundiponda phazi pansi pa tebulo kuti achimwene musatichititse manyazi pa tsiku langa, ndinangotulutsa khadi. Ndinadzitonthoza kuti kuyambira October 2024 lamulo limati ndalama imeneyo izipita kwa antchito, mwina inafika kwa wotsuka mbale.

Mawa lake ndinalembera ofesi ija. Sabata yoyamba zii. Yachiwiri anayankha kuti alibe umboni woti ndinaimba, ndinawatumizira chithunzi cha pafoni choonetsa tsiku ndi mphindi zomwe tinalankhula, amvekere zikuonetsa kuti munaimba koma sizikuonetsa zomwe munanena. Mxm. Pomaliza ananditumizira vocha yoti ndikadyenso komweko, yongogwira pakati pa sabata, ndalama ayi. Ndikadye ndi ndani, amayi atakwera kale ndege?

Usiku wa graduation uja tinafika kunyumba cha m'ma 11, amayi sanavule nkomwe chilundu, anangolowa kukhitchini kutereka madzi a nsima, ine ndikutsegula chitini cha nyemba. Akuvundula amvekere, ndalama zonse zija ukanandipatsa ndikanagula malata a khitchini ya kumudzi. Vocha ija idakali pa fuliji, amene akuifuna andipeze.