Mmene mungadzudzulire pa WhatsApp osafalitsa bodza komanso osagona mchitokosi

Kuno ku Salima kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay ndi ku Chipoka pafupifupi aliyense ali mu gulupu, ya mpingo, ya asodzi, ya banki mkhonde, ndiye ena ayamba kuopa kulemba chilichonse chokhudza boma poti akumva zoti anthu akumangidwa. Musatseke pakamwa abale. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo mu 2025 khoti linathetsa gawo 200 la Penal Code lija limamangitsa anthu pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Koma Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, yokhudza zochitika pa intaneti, ilipobe, apolisi amamangira anthu yomweyi, komanso gawo 60 la Penal Code loletsa kufalitsa bodza lobweretsa mantha. Ine malamulo amenewa sindigwirizana nawo kwenikweni, mawu ake ngotambalala moti wamkulu akangopsa mtima akhoza kukupanirani pomwepo, komabe poti alipo tiyeni tiziyenda mochenjera.

Lembani zomwe mwaona ndi maso anu. Akakubwezani kuchipatala opanda mankhwala nenani tsiku lake, mankhwala ake ndi zomwe anakuuzani, limenelo ndi dandaulo ndipo palibe cholakwika. Koma kutchula dzina la munthu kuti akuba mankhwala mulibe umboni ndi nkhani ina, mwini wakeyo akhoza kukusumirani kuti mumulipire. Kutukwana kusiyeni, apolisi amagwira pa chitonzo pomwepo nkhani yeniyeni nkuiwalika.

Pa ma voisi noti ndipomwe tikugwera ambiri. Munthu sakutchula dzina, sakunena mudzi, akungoti tumizani kwa onse msanga, imeneyo iimitseni kaye pa foni panu. Imbirani wachibale wa kuderalo, mverani wailesi, ngati ndi za mwera panyanja onani zomwe a nthambi yoona zanyengo alengeza musanaopseze asodzi kapena kuwauza kuti kuli bata. Zithunzinso zimabwera zakale kapena za dziko lina. Kumbukirani za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha mphekesera basi, ndipo zoterezi ndi zomwe zimapatsa boma chifukwa chotimangira malamulo okhwima tonsefe.

Musadzinamize ndi dzina labodza pa Facebook, simu kadi munalembetsa ndi chiphaso chanu, ndipo mu gulupu momwemo muli wotenga sikirinishoti. A adimini bodza likalowa lifufuteni kwa onse nkulemba poyera kuti linali bodza, koma wodzudzula khansala kapena phungu mwaulemu musamuchotse, ndi ufulu wake.

Mukafuna umboni wa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lembani kalata ku khonsolo, lamulo la Access to Information, lotipatsa ufulu wopempha zomwe maofesi a boma akusunga, linayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo akuyenera kukuyankhani.

Apolisi akabwera funsani mlandu wake, muli ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo akuyenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48 kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku lomwe khoti silikugwira ntchito. Osasaina pepala lomwe simunaliwerenge. Achibale akadziwitse a Legal Aid Bureau kapena a Malawi Human Rights Commission tsiku lomwelo, ndipo asunge uthenga wonse momwe munaulembera osati kachidutswa kokha.