Momwe mungatengere ana kukaona mbiri ya Zambia ndi maso awo muno mu Lusaka

Mwana wa giredi 7 mukamufunsa kuti Zambia inalandira liti ufulu, amayankha osaphethira: pa 24 Okutobala 1964. Koma mufunseni kuti a Kenneth Kaunda ankagona m'nyumba yotani pamene ankalimbana ndi atsamunda, mudzaona akungoyang'ana pansi. Chonsecho nyumbayo ilipo ku Chilenje, ndipo ana ena amakulira misewu iwiri yokha kuchokera pamenepo. Ine ndimaona kuti mwana aliyense wa mumzinda uno ayenera kupondako m'malo amenewa asanamalize pulayimale. Sipafunika ndalama zambiri. Tsiku limodzi limakwana, bola mwalikonza bwino.

1. Sankhani malo ochepa, ndipo muwatsate mwadongosolo

Musafune kumaliza Lusaka yense tsiku limodzi. Malo atatu ndi okwanira: Lusaka National Museum pa Independence Avenue pafupi ndi Kamwala, nyumba ya Chilenje House 394, ndi Embassy Park komwe kuli manda a mapulezidenti. Yambirani ku myuziyamu chifukwa nkhani yake imayambira kalekale, kenako ku Chilenje komwe kuli zaka zomenyera ufulu, n'kumalizira kumanda. Mukatero mwana amayenda ndi nkhaniyo kuchokera koyambira mpaka masiku athu ano. Ngati anawo ndi aang'ono, a giredi 4 kutsika pansi, malo awiri okha basi.

2. Funsiranitu musanapite

Myuziyamu ili m'manja mwa National Museums Board, pomwe nyumba ya ku Chilenje imayang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission, choncho malo aliwonse ali ndi malipiro akeake. Imbani foni kapena dutsanipo nokha mufunse nthawi yotsegulira, mtengo wa ana ndi wa akulu, ngati padzakhale munthu wokuyendetsani, komanso ngati amalola kujambula. Tengani NRC yanu, chiphaso cha unzika, chifukwa nzika zimalipira mtengo wotsika kuposa alendo akunja. Aphunzitsi, lembani kalata yosainidwa ndi ahedi ndipo makolo avomereze polemba. Nyengo yabwino ndi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Dzuwa la Okutobala limafooketsa ana msanga, ndipo mwana wa ludzu samva mbiri. Madzi, maheu ndi mabanzi zikhale m'chikwama.

3. Mwana anyamuke kunyumba ali ndi funso

Apa m'pamene pagona ulendo wonse, ndipo anthu ambiri amapadumpha. Mwana wopita chimanjamanja amathamanga chipinda ndi chipinda, kujambulitsa pakhomo, n'kuyamba kufunsa za chakudya. Koma wopita ndi funso amasakasaka yankho.

Madzulo ulendo usanachitike, mtumeni kwa achikulire. Akagwade pafupi ndi agogo n'kufunsa kuti, "Agogo, mu 1964 munali kuti? Munamva bwanji kuti ufulu wabwera?" Ngati agogo ali ku Chipata kapena ku Katete, aimbireni foni. Amalume kapena azakhali omwe anali mu Lusaka mu 1990 afotokoze za chipolowe chimene chinabuka mtengo wa ufa utakwera. Zimene mwanayo wamva alembe m'kabuku. Kenako mupatseni funso limodzi lakelake: wina akafufuze kuti makolo ankasungunula bwanji chitsulo, wina akapeze dzina la mayi mmodzi amene anamenyera nawo ufulu, wina akaone chimene chinachititsa kuti likulu lisamuke ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935.

4. Pa myuziyamu, yambirani panja

Musanalowe, imani kaye pa Freedom Statue, patsogolo pa Government Complex. Chiboliboli cha munthu wodula maunyolo chinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 za ufulu, ndipo kwa zaka zambiri chakhala chikuoneka pa ndalama zapepala za kwacha. Chimakumbutsa nkhani ya a Zanco Mpundu Mutembo, omwe anamangidwa pa nthawi yomenyera ufulu. Auzeni ana ayang'anitsitse manja okwezeka m'mwamba ndi zidutswa za unyolo zolendewera m'mikono, ndiye muwafunse kuti maunyolo enieni a anthu a nthawi imeneyo anali chiyani. Pamenepo mutha kuwauza za msonkho, za chitupa, ndi za masitolo momwe munthu wakuda ankagulira pawindo osaloledwa kulowa pakhomo.

Myuziyamuyi inatsegulidwa mu 1996. Pansi pali zojambula ndi zosema za akatswiri a ku Zambia. Oneraniko pang'ono koma musathere mphamvu pamenepo, chifukwa mbiri ili m'chipinda chapamwamba. Kumeneko nkhani imayambira pa anthu akale ogwiritsa ntchito miyala. Fotokozerani ana za chigaza chimene chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, mu 1921. Chigaza chenichenicho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Ana akuluakulu afunseni maganizo awo pa nkhani imeneyi. Amatsutsana mosangalatsa, ndipo ndi bwino kuwasiya atsutsane.

Mukafika pa zaka za atsamunda, chepetsani liwiro. Mwana amvetse kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, chinamanga pamodzi maiko amene lero ndi Zambia, Zimbabwe ndi Malawi, ndipo anthu akuda anachikana chifukwa mphamvu zinali m'manja mwa azungu a ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Atchuleni a Harry Mwaanga Nkumbula, a Simon Kapwepwe ndi Mama Julia Chikamoneka, komanso Cha Cha Cha ya mu 1961, pamene anthu anatseka misewu ndi kuwononga milatho kumpoto kwa dziko. Ana ambiri amangoidziwa Cha Cha Cha ngati msewu wa m'tauni.

Palinso mbali yoonetsa moyo wakumudzi, ndi ina ya zithumwa ndi zida za ufiti. Ana amakhamukira kumeneku, ena amachita mantha. Imani nawo pafupi, ayankheni modekha, ndipo musalole kuti ulendo wonse usanduke nkhani ya ufiti.

5. Ku Chilenje, lolani ana ayeze nyumbayo ndi maso

A Kaunda anakhala m'nyumba nambala 394 kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962, zaka zimene UNIP, chipani chimene ankatsogolera, inkakula mphamvu. Chimene chimagwira mtima si china koma kuchepa kwake. Ndi kanyumba ka m'komboni monga tinyumba tina ta ku Chilenje, muli mabedi, mipando ndi ziwiya za nthawi imeneyo. Afunseni ana kuti banja lonse, kuphatikiza alendo obwera kumisonkhano, ankakwanamo bwanji. Mwana wa ku Chawama kapena ku Matero akaona zimenezi amazindikira kuti pulezidenti woyamba anachokera m'nyumba yonga yakwawo.

Panja pali Land Rover imene inkagwira ntchito pa nthawi yomenyera ufulu. Inatenthedwa pa chipolowe cha 1990, ndipo yatsala chigoba chopserera. Apa m'pamene kabuku kaja kamagwira ntchito: mwana amene anamva kwa amalume za mtengo wa ufa akuona tsopano ndi maso zimene mkwiyo wa anthu unachita. Musabise mbali imeneyi. Munthu yemweyo amene anthu anamuvinira mu 1964 ndiye anamukwiyira mu 1990, n'kumuchotsa ndi voti mu 1991. Mwana ayenera kumva zonse ziwiri.

Pobwerera, ngati nthawi ilipo, patukirani ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road, mukaone nyumba zozungulira zofolera udzu zimene atsamunda anamangira antchito akuda.

6. Ku Embassy Park, kumbukirani kuti ndi kumanda

Kumeneku kunaikidwa a Levy Mwanawasa omwe anamwalira mu 2008, a Frederick Chiluba mu 2011, a Michael Sata mu 2014, a Kaunda mu 2021 ndi a Rupiah Banda mu 2022. Auzirenitu ana asanatsike galimoto kuti kulibe kuthamanga kapena kukuwa. Pemphani wokuyendetsani afotokoze tanthauzo la kamangidwe ka manda aliwonse, mwachitsanzo chifukwa chake a Mwanawasa anawamangira mooneka ngati mpando. Akulu, zandale za chipani chanu zisiyeni pageti.

7. Tsiku lomwelo, mwana abweze yankho

Musadikire sabata. Madzulo omwewo mwana aliyense anene yankho la funso lake, ndipo amene anafunsa agogo awaimbirenso kuwauza zimene waona. Kusukulu, aphunzitsi apereke tsamba limodzi lolemba kapena chojambula, n'kuzipachika pakhoma la kalasi. Ana amene aonetsa chidwi chachikulu alembeni maina: amenewo ndiwo oyamba kuwaganizira mukadzasonkha ndalama za ulendo wautali, kaya ku Livingstone Museum, yomwe ndi yakale kwambiri m'dziko muno kuyambira 1934, ku Copperbelt Museum ku Ndola, kapena ku Moto Moto Museum ku Mbala.